Nambala ya pa Njinga ya aSteward

Ku Nsefu kuno, amene sanagwidwepo mkono ndi malemu aSteward kuti amve za 1,022,117 ndiye kuti ndi mlendo. Nambalayi anaipeza itadindidwa kunsi kwa njinga yawo chaka chomwe anapuma uphunzitsi wa masamu. Ankati mwina ili m'gulu la manambala ouma mutu, aja osalola kugawidwa ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iwo eni. Ukawapatsa moni, dzuwa linkakulowera uli chiimire. Asodzi ankalambalala nyumba yawo, kulolera njira ya njovu.

Koma wogwidwa weniweni anali mkazi wawo, aRosemary. Iwo katundu anamanga kale, mtima uli kwawo ku Mansa.

"Atate ake Agness, tinyamuka liti?"

"Ndikangoidziwa khalidwe lake, amake Agness. Siigawika pawiri, patatu yakana, pasanu yandiseka. Munthu sasiya mlandu pakati."

Ankaigawa kamodzi patsiku ngati kumwa mankhwala, ndi khala, pakhoma lakunja. Ankayesa ndi manambala ouma mutu okhaokha: 7, 11, 13, osadumpha. Ankayamba thonje likathyoledwa. Pofika Novembala khoma lada bii, ali cha ku 900, mvula yoyamba n'kubwera cham'mbali, n'kutsuka zonse.

"Pitirizani pomwe munalekera!" aRosemary ankatero.

"Popanda umboni? Ndine mphunzitsi ine, si woombeza."

Kenako madzi n'kutseka msewu, aRosemary n'kumasula mapoto. Anawagulira kope, aSteward anati pepala limachepetsa nambala. Zaka khumi ndi ziwiri zinatha choncho.

Mkamwini wawo Ruben, woyendetsa alendo ku loji ku Mfuwe, anatulutsa foni tsiku lina.

"Atate, iyi ingakuuzeni pa sekondi imodzi."

"Bwezerani m'thumba, apongozi. Kodi alendo anu mumawaonetsa mkango wa pa foni?"

Chaka chatha mvula inachedwa. ASteward anafika pa 997, pomwe anali asanafikepo. Anasamba m'manja, nakhala pansi pa mtengo wa msikizi, osadzukanso.

Maliro atatha, aRosemary anaitana Ruben. "Ifunseni foni yanuyo."

"Imagawika, amayi. 1,009 kuchulukitsa ndi 1,013."

"Akanafika liti pa 1,009?"

Ruben anakanda mutu. "Ndiyo inali yotsatira. Mawa lake."

"Tsiku limodzi!" ARosemary anaseka mpaka kugwira khoma, dzanja n'kuda. Atayang'ana denga, anaona zomwe sanaziganizepo zaka zonsezo: mitolo iwiri ya udzu ikanatchinga khomalo ku mvula. Mwamuna wodziwa masamu onsewo sakanalephera kuwerenga mitolo iwiri.

"Nkhalamba yabodza," anatero pang'onopang'ono. "Simunkafuna kuchoka."

Anakwera minibasi ya ku Chipata msewu usanatsekeke. Koma asanapite anafoleretsa udzu uja, ndipo khala analisiya pawindo.

Masiku ano timadutsa panyumbapo mofulumira, palibe wotigwira mkono, ndipo timafika msanga kumene tikupita. Mvula yagwa kawiri. Khoma likadali pa 997.