Kuyeza Amake Zuze pa Felemu la Chitseko

Lolemba
Adokotala akuti mafupa a mkazi wanga, amake Zuze, akufooka, n'chifukwa chake dzanja linathyoka atangoterereka pang'ono pamjigo. Akuti mafupa akamatha munthu amafupika. Kuti tidziwe ngati mankhwala akugwira, tikayezetse pa makina ku Blantyre, tidikire zaka ziwiri, tikayezetsenso pa makina omwewo. Zaka ziwiri! Ine telala amene ndayeza ziuno zonse za pa Marka mpaka kutsidya ku Mozambiki? Sabata imodzi yakwana. Zida: tepi, choko, felemu la chitseko. Ndawaimika, ndalemba mzere.

Lachiwiri
Atalika ndi zala ziwiri! Mankhwala amoto! Msika wonse ndauuza. Pobwerako ndi pamene ndikuona duku, mfundo ili pamwamba ngati chulu.

Lachitatu
Duku achotsa. Afupika ndi chala chathunthu. Kenaka ndakumbuka: Lolemba anali m'patapata, lero kumapazi kulibe kanthu.

Lachinayi
Malamulo atsopano: duku ayi, patapata ayi, kuseka ayi. Akuseka. Munthu woseka sayezeka, amangopindika.

Lachisanu
Akwera! Ndavina mpaka nkhuku zabalalika. Mpongozi wanga, mkazi wa Zuze, akuti: "Bambo, dzulo madzulo ndinazira pansi." Dothi latsopano pakhomo pomwe ndimawaimikapo! Ndiye wakwera ndani, mkazi wanga kapena nyumba?

Loweruka
Ndalinganiza tepi yanga ndi yatsopano ya telala mnzanga. Yanga inatamuka kalekale. Zaka zonsezi ndakhala ndikunamiza ziuno za anthu, iwo n'kumandithokoza. Amake Zuze akuti: "Nkhabe, lero sindiima. Kodi ndine nsalu ine?" Ndaseka nawo, koma ndikuona mmene akugwirira msana podzuka pamkeka. Zimenezo sizifuna tepi.

Lamulungu
Mizere inayi pafelemu, palibe iwiri yogwirizana. Ndafufuta yonse. Popita kutchalitchi andikolowekera dzanja, mutu wawo ukufika paphewa panga penipeni, pomwe unkafika tsiku la ukwati. Ndafuula pamsewu kuti umboni ndi uwu, sanafupike! Iwo akuti: "Bambo a Zuze, nanunso mwawerama." Basi. Ngakhale phewa langa ndi labodza. Ku Blantyre tipita, zaka ziwirizo tidikira, makina akanene okha. Ine ndafupikitsa mapazi, tafika nyimbo yoyamba itatha. Dzanja sanalisiye.