Mabodza a Prokopchuk

A Orest Prokopchuk anamwalira ali ndi zaka 76, asanakwatirepo, akuchitabe lendi kachipinda pamwamba pa malo anga ometera kuno ku Winnipeg. Ankaphunzitsa obwera kumene m'dziko muno kuwerenga Chingerezi, kuti akhoze mayeso aja amene popanda iwo ntchito yabwino sungaione. Chida chawo chinali chimodzi: bodza.

Nkhani zowerenga ankalemba okha. Ina inkati ng'ombe zimaikira mazira. Wophunzira akatsutsa, ankamenya tebulo mpaka fumbi kugwera pamutu pa amene ndikumumeta.

"Wolemba mayeso safuna choonadi! Akufuna zimene zili papepala. Nzeru zanu muzizivula pakhomo pamodzi ndi majombo."

Gurdial, woyendetsa lole, anazimvetsa mopitirira. Mkazi wake anakwera kwa aphunzitsiwo kukadandaula kuti akamufunsa kumene wachedwa, mwamunayo akumayankha kuti, "Nkhaniyi sinanene."

Amene anawavuta ndi Marilou, mzamba wochokera ku Philippines. Kwawo anachiritsa amayi osawerengeka, kuno ankakolopa muhotela. Mayeso anali atalephera katatu, ndipo chilolezo chake chokhalira m'dziko chinali pafupi kutha. Kulepheranso kunali kukwera ndege yobwerera kwawo.

A Prokopchuk anamulembera nkhani yoti mimba ya munthu imatenga zaka ziwiri.

"Mimba imatenga nthawi yaitali bwanji, mayi?"

"Miyezi isanu ndi inayi."

"Malinga ndi nkhaniyi?"

"Nkhaniyi analemba ndi chitsiru!"

"Ndine ndemwe. Yankhani."

"Inu aphunzitsi, mimba munaionapo inu?"

"Yangayi. Yatha zaka makumi atatu, sinatulutsebe kanthu."

Anakangana nyengo yonse yozizira. Tsiku lina ndinangomva Marilou akufuula kumwambako: "Zaka ziwiri! Mulungu andikhululukire, zaka ziwiri!" Pang'onong'ono ndikanadula khutu la munthu.

Tsiku la mayeso a Prokopchuk anakaima panja pa holo, mphepo ikuluma, iwo akutsokomola. Marilou atatuluka, iwo anamugwira dzanja.

"Mwamaliza? Valaninso nzeru zanu, mayi. Ana a anthu akuzidikira."

Ndinamva pamaliro kuti ankatero ndi wophunzira aliyense. Tchalitchi chinadzaza anamwino ndi madalaivala, ndipo onse anali atauzidwa mawu omwewo.

Zotsatira zinatuluka iwo ali m'chipatala ndi chibayo. Marilou anathamangira komweko.

"Aphunzitsi, ndakhoza!"

Anatsegula diso limodzi. "Ndionetseni papepala."

Anawaonetsa. Anawerenga pang'onopang'ono mpaka pansi, n'kupempha tiyi. Sabata yomweyo anatisiya.

Marilou pano akugwira ntchito kuchipinda cha amayi oyembekezera mumzinda wa Brandon. Kumwamba kuja mwini nyumba akusungirako matayala. Panali madoda ena amene ankabwera kudzameta tsitsi lisanakule n'komwe, kuti adzangomvera phokosolo. Masiku ano akumeta kunyumba.