Akatswiri Anga a Pansi pa Mndandanda

Pali anthu ena kuno ku Khuyu amene akandiona ndikudutsa ndi chikwama changa cha mapepala amayamba kuwerenga chapansipansi, "wani, thuu, firii," poganiza kuti makutu anga anakalamba. Ndimamva bwinobwino. Ndipo poti nkhaniyi ikukambidwa mokhotakhota, ndaona kuti ndiilembe ndekha mmene inayendera.

Ine ndinaphunzitsa masamu zaka zambiri, ndipo pepala sinditaya. Chikalata cha ubatizo wa agogo anga ndili nacho, zokambirana za misonkhano ya kumpingo ndili nazo, ngakhale matikiti a sitima. Anthu akakangana za malire a munda wa chinangwa ankayenda wapansi kuchokera ku Yofu, ena ku Mbungo, kudzafunsa chimene chinalembedwa, chifukwa pachilumba pano zinkadziwika kuti mapepala anga sanama. Ngalawa ndilibe, ng'ombe ndilibe. Ulemu wanga wonse unali umenewo.

Masewera a gofu anandipeza kudzera m'makapu. Mlamu wanga wa ku Joni anatitumizira makapu atawakulunga m'nyuzipepala. Mkazi wanga anatenga makapu, ine ndinatenga zokulungira n'kuzisita. Patsamba lina panali mwamuna atakweza chikho, kumbuyo kwake udzu wosalala ngati bulangete mpaka kumene maso alekezera, wopanda phata la chinangwa ngakhale limodzi. Analemba kuti ndi mpikisano umene wakhala ukuchitika chaka ndi chaka kuyambira kalekale, ndipo osewerawo ntchito yawo ndi yomweyo. Ine wobadwira pamiyala ndi milambe ndinachita chidwi. Ndinalembera mlamu kuti azinditumizira tsamba limenelo chaka chilichonse, ndiponso andifunire a zaka zam'mbuyo. Munthu wabwino uja anafunadi.

Nditawayala pamphasa motsatana zaka, ndinaona chinthu chimene chinandiimitsa mutu. Mndandanda uliwonse unkayamba ndi munthu wa nambala yaing'ono kuposa onse, yokhala ndi kamzere kutsogolo. Mwana aliyense amene anadutsa m'manja mwanga akudziwa kuti nambala yotero ndi yoperewera ngakhale pa ziro. Koma wa chikho anali yemweyo. Kutsika m'munsi manambala ankakula, ndipo amene anali ndi nambala yonenepa kuposa onse ankakhala kumapeto, wopanda chithunzi. Ku mpira wogoletsa zigoli zambiri ndiye wapambana. Pa bawo chimodzimodzi. Msodzi wobwera ndi usipa wochepa sitimuimbira nthungululu. Ndinayang'ana chaka china, n'chimodzimodzi. Chinanso, n'chimodzimodzi. Ndinazindikira kuti ndagwira kukondera kwa zaka zambirimbiri, kumene dziko lonse linalephera kukuona.

Ndinagula kope la chikuto cholimba n'kulemba mbiri yoona ya mpikisanowo. Kumanzere ndinkalemba "Wopatsidwa chikho," kumanja "Woyenera chikho." Inali nthawi imene matipate anali atangobwera, aliyense akulembera nyuzipepala zakukhosi, ndiye nanenso ndinalemba makalata atatu (makope ake alipo, ndi tsiku limene sitima inawanyamula). Yankho silinabwere, ndipo ndinaona kuti kukhala chete kumeneko ndi umboni wina.

"Kodi anthu amenewa mumawadziwa?" anafunsa mkazi wanga tsiku lina akusenda chinangwa.

"Chilungamo sichifuna kudziwana," ndinatero.

"Nanga eni akewo anadandaula?"

(Funso limeneli ndinayenera kulikhalira pansi. M'malo mwake ndinawauza kuti ayang'ane mpeni.)

Kenaka a hedi a pasukulu imene ndinkaphunzitsa anandipempha kuti ndikalankhule ndi ana za ubwino wosunga zolembedwa. Ndikanatha kunyamula chikalata cha ubatizo chija, ana n'kuomba m'manja, ine n'kubwerera ndi ulemu wanga. Koma ndinanyamula kope.

Anasonkhana pansi pa mtengo wa mango, ana kutsogolo, aphunzitsi pamabenchi, makolo ena kumbuyo. Ndinafotokoza chaka ndi chaka mmene anthu olimbikira akhala akulandidwira chikho. Ndinatchula mayina a oponderezedwawo mmodzimmodzi. Nditamaliza ndinafunsa ngati pali funso.

Anakweza dzanja a Mbewe, mphunzitsi amene anali atangotumizidwa kuchokera ku Limbe. Anaimirira mwaulemu, manja kumbuyo.

"Pepani bambo, kodi gofuyo munamuonako akuseweredwa?"

"Ndili ndi mapepala ake."

"Ine ndisanapite ku koleji ndinkanyamulira osewera zikwama za ndodo. Nambala ijatu si zigoli. Amawerenga kuti munthu wamenya kangati kuti kampira kalowe m'dzenje. Dzenje lililonse lili ndi nambala yake yogwirizana, ndiye kamzere kaja kakutanthauza kuti munthuyo walowetsa asanaifike. Womenya kochepa ndiye katswiri."

Apa munthu wanzeru akanathokoza n'kukhala pansi. Ine ndinati, "Zimenezo zinalembedwa pati?"

"Mwina tingoyesa, bambo," anatero a Mbewe.

Anakumba kadzenje ndi khasu pafupi ndi mtengo wa mbendera, anagulula mpini wake, n'kupempha ndimu kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa. Anayeza mapazi makumi awiri, anauza ana kuti aziwerenga. Anamenya kamodzi, ndimu inagubuduka bwinobwino. Kachiwiri inafika pakamwa pa dzenje. Kachitatu inalowa. Kenaka anandipatsa mpini ndi manja awiri.

Ndivomere kuti mkati mwa mkwiyo wanga munali kachimwemwe. Zaka zonsezo ndinkafuna kudziwa kuti zimamveka bwanji m'manja. Ndinavula jekete n'kupatsa a hedi.

Ulendo woyamba ndinamenya mphepo.

"Wani," anatero ana.

"Sindinaikhudze," ndinatero.

"Imawerengedwa, bambo," anatero a Mbewe.

Wachiwiri ndinakumba nthaka. Wachitatu ndimu inanyamuka mokwiya, inagunda mwala n'kubwerera kudzandidutsa. Ndinaitsata kuseri kwa kalasi, ana onse ali pambuyo panga ngati maliro. Inalowa m'munda wa a hedi, ndipo pofuna kuitulutsa ndinagwetsa mitengo iwiri ya chinangwa (a hedi anati palibe kanthu, koma nkhope yawo inanena zina). Pofika pa fifitini ngakhale makolo anali atalowa nawo m'kuwerenga. Ndinafika pafupi ndi dzenje, ndimu n'kulilumpha. Ndinabwerera, inalilumphanso. Itatopa, ili phwatalala ndi kutuluka madzi, inagwera yokha pa twente-seveni.

Ndinaima ndi mpini, thukuta lili kamukamu. A Mbewe anatola kope langa pabenchi, analitsegula mosamala, n'kuyang'ana ana.

"Ine katatu, bambo athu twente-seveni. Malinga ndi buku ili, woyenera chikho ndani?"

Ana anayankha onse pamodzi kuti ndine, monga mmene ndinawaphunzitsira makolo awo. Mayi wa zitumbuwa anaimba nthungululu.

Sabata yotsatira kunabwera amuna awiri a ku Yofu, wamkulu ndi wamng'ono, ndi mkangano wa malire. Ndinasangalala kuona kuti anthu akubwerabe. Ndinatulutsa pepala loyenera, ndinaliwerenga lonse, ndipo linasonyeza poyera kuti mundawo ndi wa wamkuluyo. Wamng'onoyo anakanda mutu.

"Pepala tamva, aphunzitsi," anatero. "Koma mundawo munakauonako?"

Ndinapinda pepala lija n'kuliika m'chikwama. Ndinavala nsapato n'kuyenda nawo mpaka ku Yofu dzuwa lili pamutu. Mundawo unalidi wa wamkuluyo monga mmene pepala linanenera, ndipo ndinaonetsetsa kuti aliyense amene tinakumana naye pobwerera wamva zimenezo.

Kuyambira pamenepo mlandu uliwonse wa malire ndimauyendera, ndipo mawondo anga sakukondwera nazo. Ndaphunzira kuti pepala limanena zoona kwa munthu amene anakaonako chimene likunenacho. Koma za gofu mtima wanga sunakhazikikebe. Munthu n'kukwera ndege, kuwoloka nyanja, kuti akasewere pang'ono kuposa anzake onse, n'kupatsidwa chikho. Ine amene ndinalowa ndi m'munda momwe, palibe anandipatsa ngakhale madzi akumwa.