Makala a Makoko a Mtedza

Lolemba

Choyamba ndikonze bodza. Ku chigayo akuti ndikuumba zitumbuwa zakuda, ena akuti mutu wayambanso kundisokonekera ngati muja zinachitikira ku yunivesite. Si zitumbuwa. Ndi makala oumba. Ndipo ku yunivesite sanandithamangitse, ndinachoka ndekha chaka chachiwiri, ndi miyendo yangayi. Koma munthu amene sanaonepo ngakhale chipata cha koleji ungamuuze chiyani? Angonditchula a Digiri, n'kumaseka.

Nkhani ili apa. Boma lati sukulu zisamagulenso nkhuni zodula m'nkhalango pophikira ana phala. Zizigula zosawononga chilengedwe, ndiponso kwa anthu a m'dera momwemo. Ahedi a pulaimale yathu anafotokoza izi pamsonkhano, makolo n'kumangogwedeza mitu ngati agulo. Anamva ndine ndekha. Munthu wa m'dera momwemo: ine. Chosawononga chilengedwe: makala anga.

Lachisanu komiti ya sukulu iwayesa pa mphika wa phala. Phala likapsa, ndiziwagulitsa teremu yonse. Likapanda kupsa, Lolemba likudzali ndili m'chigafa cha alamu anga, kusankha fodya. Dzulo anandiuza kuti, "Alamu, pakhomo pano timadya thukuta, osati Chingerezi." Ndimagona m'nyumba mwawo, ndiye ndinangomeza.

Zofunika:
makoko a mtedza (angoti mbwee, anthu akutaya)
mgolo wowotchera (wobwereka)
mtondo wa achemwali
chomatira
dzuwa

Chikundizunguza ndi ichi: ndani ku Lilongwe anakhala pansi n'kukumbukira mitengo ya kuno ku Nsaru? Ali ndi nkhope yotani? Kwawo amaphikira chiyani? Ndikanakonda kumuona.

Lachiwiri

Ndawotcha makoko mu mgolo wotseka pakamwa. Zodabwitsa! Alowa oyera, atuluka akuda bii, opepuka ngati nthenga za nkhanga. Kulemera kuja kwapita kuti? Tinaphunzira ndithu, koma linali tsiku lomwe ndinali ndi maganizo ena.

Ndasinja mu mtondo. Ndatsuka. Ndikulumbira, ndatsuka. Achemwali asinjamo mtedza wotendera mpiru, ndiwo zatuluka ngati phula la msewu wa ku Mchinji. "Iwe, mtondo uwu ndinagula usanayambe kupenga!" Alamu angoyang'ana m'mbale, n'kuyang'ana ine, n'kupemphera pemphero lalitali kuposa masiku onse.

Chomatira. Pa wailesi ankati phala la chinangwa. Kuno chinangwa achipeza kuti? Ndaphika phala la madeya. Munthu wophunzira sasowa njira.

Ndikuumbira m'chitini, ndikuyanika pamphasa kuseri kwa khitchini. Mphasa yadzaza. Akuoneka bwino, mizeremizere ngati ana pa asembule. Boma likanangowaona!

Lachitatu

Mbuzi!

Ndikutuluka m'mawa, ndikupeza mbuzi ya alamu, yamawanga ija, ili pakati pa mphasa, milomo ili bii. Anzake awiri akudikira pambali mwaulemu. Nkhuku zikutola zotsala. Ndiyenera kukwiya, ndipo ndakwiya, koma ndayamba ndaima kaye n'kumaonerera. Imanunkhiza, imasankha, imasiya ena. Ikudziwa bwanji omwe ali ndi madeya ambiri? Ine amene ndinaumba sindingathe kusiyanitsa.

Theka lapita. Otsala ndawakweza padenga la khola.

Dzuwa kulibe. Mitambo yokhayokha, kamphepo kozizira. Alamu akusangalala, akuti fodya afewa bwino, sasweka posankha. Nyengo imodzi, anthu awiri. Ndafinya khala limodzi, chala chalowa ngati mu mbatata yophika.

Masana kulira kumtunda. A Chisale amwalira, okonza njinga aja. Munthu wovuta, Mulungu andikhululukire. Ankathamangitsa ana ndi sipanala, ndipo pampu yawo sanabwerekepo munthu chibadwire. Maliro m'mudzi, ntchito yaima. Sindingawotchenso makoko, anthu anganene kuti ndikusekerera imfa. Makala ndawatsitsa, ndawaika m'thumba kuseri kwa chitseko cha khitchini, poopa mame. Ochepa ndawaiwala padenga.

Lachinayi

Sindikudziwa poyambira.

M'mawa ndili kumanda ndi amuna anzanga. Kumeneko amaona amene wabwera ndi amene sanabwere, ndipo tsiku lina adzakumba dzenje langa ndi omwewa. Khasu ndagwirako, aliyense waona.

Ndikubwerera, thumba palibe.

Achemwali alibe ndi manyazi omwe. "Khomo lililonse likupereka nkhuni ku siwa. Ife nkhuni tilibe. Si iwe umati zakozo zimaposa nkhuni?"

Ndathamanga. Koma chinthu choperekedwa pamaliro ungachilande? Ukayambira pati, pamaso pa namfedwa? Ndangofika n'kukhala pansi ndi amuna, n'kumaona amayi akukhuthula thumba langa lonse pansi pa miphika ya nyemba.

Utsi. Sindinaonepo utsi wotere. Woyera, wolemera, wosafuna kukwera kumwamba, ukungokwawa ngati ukusaka munthu. Fungo la madeya opserera. Mphepo yautenga n'kukautula pomwe pakhala amuna. A Kamwendo, mkulu wa mpingo, omwenso ndi apampando a komiti ya sukulu, ali chilili kunena mbiri ya malemu. Afika pakuti a Chisale anali munthu wa anthu, mawu atsamwa, misozi chuchuchu. Kwaya yadukiza nyimbo pakati. Amuna a ndevu zoyera akupukuta m'maso ndi zipewa.

Mayi wina wachibale wochokera ku Namitete akuuza mnzake: "Koma bambowa ankakondedwa, eti? Mpaka amuna kulira chonchi! Kwathu sindinaonepo."

Wina kumbuyo kwanga, monong'ona koma mofuna kuti ndimve: "Chilengedwe cha a Digiri chimenecho."

Komabe ndaona kanthu. Utsi utatha, makala a pakati aja afiira psuu, ndipo akhala choncho nthawi yaitali, nkhuni za eni ake zitasanduka phulusa. Ndiye vuto ndi madzi okha! Ndayang'ana uku ndi uku kuti ndionetse wina. Onse maso ali otseka.

Lachisanu

Ndavala jekete. Ndatenga ochepa a padenga aja m'kathumba. Akadali ofewa, koma pang'ono.

Komiti yakhala pansi pa mtengo wa mango. Maso ofiira onse. Bwana wochokera ku boma amene ankati adzaonerera sanabwere, ndiye nkhope ija sindinaionebe.

Ndayamba kufotokoza za chinyezi, za mpweya, za mitengo imene ana athu adzaifune. A Kamwendo akweza dzanja. Mawu asasa ngati a tambala wokalamba. "A Digiri, musavutike. Tayesa kale. Mudzi wonse wayesa."

Mmodzi wa amayi ophika phala: "Ife ana athu chifuwa ali nacho kale, sitikufuna choonjezera."

Ahedi ndi munthu waulemu. Akuti maganizo ndi abwino, achinyamata azitero, adzandiitana. Mawu amenewa ndimawadziwa. Anandiuzaponso ku Lilongwe, kangapo.

Asankha bambo wina wa ku Kabudula, wa nkhuni za bulugama. Akuti mitengoyo anadzala yekha m'munda mwake, ndiye lamulo lakwanira. Mwina n'zoona. Koma ndafunsa, osati mwa nsanje, ndimafunadi kudziwa: nkhuni ikafika pangolo, yowazawaza, mumaizindikira bwanji kuti iyi ndi ya m'munda, iyi ndi ya m'nkhalango? Nkhuni ili ndi chiphaso?

Akomiti ayang'anana. Kenako a Kamwendo: "Bamboyo timapemphera naye."

Kathumba sindinamasule n'komwe.

Loweruka

Dzuwa! Lero! Kuyambira m'mawa lili phwee, thambo lopanda ndi kamtambo komwe. Linali kuti Lachitatu?

Ndayanika otsala aja, ine mwini n'kukhala pambali ndi ndodo. Pofika masana auma gwa, ukawagunda akulira ngati mbale. Ndayatsa atatu pa mbaula. Utsi palibe. Palibe! Moto wofiira, wodekha, madzi a tiyi awira ndisanapeze ndi kapu yomwe.

Mboni:
ine
mbuzi yamawanga

Achemwali apita kukacheza ndi namfedwa. Ndaitana alamu kuchokera m'chigafa. Abwera, anjuta, awotha manja mbali zonse ziwiri. "Moto wabwino, alamu. Lolemba mulawire, fodya safuna dzuwa likakwera."

Madzulo kwabwera kasitomala. Woyamba chiyambire! A Jere, a kutsidya kwa dambo, chipewa m'manja. Ndawaonetsa ouma aja, ndawafotokozera zonse. Apukusa mutu. "Ayi, a Digiri, osati awa. Ndikufuna a utsi aja, a pamaliro. Ndikafukizire mbewa ku una."

Ndawauza kuti atha. Andipempha kuti ndikaumbanso ndisayanike.

Lamulungu

Kutchalitchi. A Kamwendo, mawu akadali osasa, athokoza mudzi m'malo mwa banja la a Chisale. Akuti achibale a ku Namitete apita okhutira, sanayembekezere chikondi chotere. Anthu ena atembenuka kundiyang'ana. Ine maso pa buku la nyimbo.

Mgolo ndabweza kwa eni ake. Mtondo achemwali autsekera kuchipinda kwawo. Makoko a mtedza akadali milu kuseri kwa makomo, ndipo mawa kapena mkuja wina awayatsa moto kuti pakhomo payere.

Ndimaganizabe za munthu wa ku Lilongwe uja. Mwina pano akukhulupirira kuti mitengo ya ku Nsaru yapulumuka. Mwina yapulumukadi, ndani akudziwa? Ndikanamufunsa chimodzi chokha: polemba lamulo lija, anaganizirako za mbuzi?

Jekete ndalipachika. Achemwali andipatsa malaya akale a alamu, akuti fodya amadetsa.

Mphasa yoyanikira makala ija aiyala kale m'chigafa.