Maliro a Nambala Fotini

Nkhani iyi ana anga amaidziwa theka lokha. Amadziwa kuti kale, nkhondo yachiwiri isanayambe, ndinagwirapo ntchito pa hotela yaikulu ya azungu m'tauni ya Bulawayo muno, ndipo amadziwanso kuti ndinachokapo mwadzidzidzi. Akandifunsa chifukwa, ndimangoti nsapato za kumeneko zinkandithina. Zinkandithinadi, koma si zimene zinandichotsa.

Ntchito yanga inali pa desiki yolandirira alendo. Musafulumire kundipatsa ulemu: kuseri kwa desikiyo kunkakhala mzungu, kalaliki amene tinkamutcha Kamphuno, ndipo ine ndinkaima pambali, nditavala zoyera ndi chisoti chofiira, kudikira kabelu. Kakalira, ndinkathamanga. Ndinkapereka makiyi, kuika makalata m'timabokosi ta zipinda, kunyamula masutikesi, ndiponso kusunga kiyi wa kachipinda ka katundu. Katundu aliyense wosungitsa ndinkamumangirira kachikwangwani ka nambala. Anandipatsa malo amenewa chifukwa ndinaphunzira pang'ono ku mishoni kwathu ku Ntcheu, ndipo ndinkanyada nawo kwambiri (anzanga a kukhitchini ndinkawapatsa moni ndi chibwano chokha, Mulungu andikhululukire).

Mwezi umenewo mtima wanga unali pa chinthu chimodzi. Ku Luveve anali atamanga nyumba za anthu apabanja okhala ndi ntchito yokhazikika, koma kuti upeze nyumba pankafunika kalata ya bwana wako. Manijala wa hotela anali atandilonjeza kalatayo kumapeto kwa mwezi. Mkazi wanga, Nachisale, ndinali nditamusiya kumudzi zaka zinayi, ndipo ndinali nditamulembera kale kuti ayambe kumanga katundu.

Lachinayi lina kunafika dona wachikulire pa sitima ya ku Joni, atavala zakuda. M'manja anali ndi kabokosi ka matabwa opukutidwa bwino, kochepa koti n'kukapanira m'khwapa. Anauza Kamphuno kuti akupita kukakhala kwa mnzake ku famu mpaka Lachiwiri, tsiku limene mwana wake adzafike kuchokera kumigodi ya kumpoto, ndipo kabokosiko amusungire. Ndinamangirira nambala fotini, n'kukakaika pansi m'kachipinda kaja, pakati pa ndodo za gofu ndi dengu lonyamuliramo galu.

Dona atachoka, Kamphuno anandikodola uku akumwetulira.

"Ukudziwa chimene wanyamula?" anandifunsa m'Chilapalapa chake chokhotakhota, chilankhulo chija azungu ankalamulira nacho antchito. "Ndi mwamuna wake."

"Katundu wa mwamuna wake, bwana?"

"Ayi. Iyeyo. Anamwalira ku Joni, anamuotcha, phulusa lake ndi limenelo. Akukaliwaza kumapiri a Matopo."

Ananena zimenezi n'kubwerera ku buku lake ngati wandiuza nthawi ya sitima. Munthu wamkulu, mwamuna wa mwini, ndinali nditamunyamula ndi dzanja limodzi, ndikuimba likhweru, n'kumugoneka pafupi ndi dengu la galu.

Lachisanu ndinayamba ndi zazing'ono. Malemuyo ndinamuchotsa pansi n'kumuika pa shelefu ya pamwamba. Ndinabwereka kansalu koyera ka patebulo n'kumufunda. Ndikalowa m'kachipindamo ndinkavula chisoti n'kunena chamumtima kuti, "Pepani bwana, tikungodutsa." Koma Loweruka kunafika wamalonda wina ndi masutikesi asanu ndi limodzi a zitsanzo za nsapato, ndipo Kamphuno anandilamula kuti ndiwasanje pa shelefu yomweyo. Malemu anapanikizika kukona, kansalu kanagwa. Tsiku lonse ndinapereka makiyi olakwika, ndipo kawiri ndinalowetsa alendo m'zipinda za eni.

Apa ndiyenera kunena chinthu chimene sindikonda kunena. Bambo anga anapita kumigodi ya ku Joni ndili mwana. Sanabwerere. Kunangobwera munthu ndi bulangete lawo ndi uthenga woti anamwalira miyezi itatu yapitayo. Mpaka lero sindidziwa ngati panali wina amene anakhala pafupi nawo, kapena amene anaimba nyimbo ngakhale imodzi. Ndiye nditaona munthu wochokera ku Joni komweko ali yekhayekha pakati pa nsapato, chinandipweteka kwambiri, ndipo khungu lake sindinaliganizire.

Nditaweruka ndinapita ku lokeshoni, kumene ife anthu akuda tinkakhala, kwa a Nkhoma, mkulu wa bungwe lathu la maliro. Ife a ku Nyasalande kuno tinkadziwika ndi zimenezo: munthu wakwathu akafa, ngakhale alibe m'bale, tinkamuika ngati mfumu. A Nkhoma anali munthu wamtali, wa ndevu zoyera, amene maliro ankamupatsa mphamvu kuposa chakudya. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Anamuotcha?" anafunsa motsitsa mawu. "Kodi anali mfiti?"

"Ayi bambo, akuti ndi mwambo wawo."

"Ndiye pano ali ndi ndani?"

"Ali yekha. Kiyi ndi uyu."

Anayang'ana kiyiyo nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu.

"Mwana wanga, iwe watsekera maliro m'nyumba, kiyi waika m'thumba, n'kumayenda mumsewu ngati munthu? Mawa ubwere naye. Tikhala naye pang'ono, timuimbira, ukamubweza. Dona sadziwa, koma Mulungu adziwa."

Mukanakhala inu mukanakana, ndikudziwa. Inenso ndikamaiganizira lero ndimakana bwinobwino. Koma tsiku limenelo ndinangoti, "Chabwino bambo."

Lamulungu ndinkapuma kuyambira chakudya cha masana chikatha mpaka faifi koloko. Ndinalowetsa kabokosi m'nsalu ya pilo, n'kutulukira khomo la kuseri ngati ndanyamula zochapa, n'kukamangirira pa keliyala ya njinga. Njira yonse ndinapalasa pang'onopang'ono, ndikuzemba maenje (malemu ayenera kuti sanakwerepo njinga ya munthu wakuda, ndiye ndinafuna kuti ulendo woyambawu ausangalale).

Ine ndinkayembekeza anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Nditakhota pakona ya kwa a Nkhoma ndinamva kulira kwa amayi. Bwalo linali lodzaza. Uthenga unali utayenda, ndipo poyendapo unasintha: ena anamva kuti ndi mnyamata wa ku Dedza amene anapsa mumgodi, ena kuti ndi mbusa. Achawa a kumzikiti anabwera, ngakhale anansi athu Amandebele anabwera, mayi wina akungoti "Nkosi yami!" ataona kuchepa kwa bokosilo. Analiyalira mphasa yatsopano pakhonde, amayi anakhala molizungulira, ndipo nyimbo zinayamba.

Sindinamize, zinali zokongola. Ndinaiwala zoti ndaba katundu wa hotela. Ndinakhala pansi pakati pa amuna, ndinaimba, ndipo pa nyimbo yachitatu ndinalira kwenikweni, misozi imene ndinkaisunga kuyambira ndili mwana.

Kenako a Nkhoma anaimirira kuti alankhule, ndipo anandiweramira.

"Dzina lake ndani?"

Dzina sindinkalidziwa. Linali m'buku la Kamphuno, ndipo buku limenelo sindinkaloledwa kulikhudza. Ndinawaonetsa kachikwangwani kaja. A Nkhoma sanagwedezeke. Anakonza kukhosi n'kuyamba kufotokoza mbiri ya malemu Bwana Fotini, munthu wofatsa, wosakonda ndewu, amene anafera kutali ndi kwawo monga mmene ambiri a ife tidzafere. Pa mawu omalizawo bwalo lonse linati zii, chifukwa pamenepo sananame.

Vuto linayamba nditayang'ana dzuwa n'kuimirira kuti nditenge bokosi. Amayi awiri analigwira. Ndipo ndinamva kuti anyamata anayi anali atapita kale kumanda ndi makasu.

"Bambo, tinagwirizana kuti ndikamubweza," ndinatero.

"Tinagwirizanadi," anayankha a Nkhoma, "koma taona anthuwa. Munthu tamulira chonchi, abwererenso kukagona ndi nsapato?"

Ndinachonderera, ndinagwada, ndinawakumbutsa za chitupa changa ndi za ndende. Chimene chinandipulumutsa ndi mkazi wa a Nkhoma, amene anaimirira n'kunena kuti, "Inu abambo, mwamunayu ali ndi mkazi wake. Mukufuna mnzathu akawaze chiyani kumapiriko?" Anandisambitsa m'manja monga mwa mwambo, n'kundipatsa bokosi, ndipo ulendo uno maenje sindinawazembe. Ndinafika mochedwa ndi ola lathunthu.

Ndinalowera kuseri, nsalu ya pilo ili m'khwapa, ndikuganiza zongodutsa mwakachetechete. Pa desiki ndinapeza Kamphuno atafiira mpaka m'makutu, manijala ataima manja m'chiuno, ndi dona uja atakhala pampando, pambali pake pali mwamuna wamtali wofanana naye nkhope. Mwana anali atafika masiku awiri msanga. Chitseko cha kachipinda ka katundu chinali chitathyoledwa, masutikesi a nsapato ali mbwee pansi.

"Upi lo bokisi?" anakuwa manijala, kufunsa kumene kunali bokosi.

Ndinasolola bokosi m'nsalu ya pilo n'kuliika pa desiki ndi manja awiri. Pamwamba pake panali patatsalira duwa limodzi lofota limene mayi wina anaikapo.

Ndinafotokoza zonse, m'Chingerezi changa cha ku mishoni, chimene tsiku limenelo chinkathawa mawu amodziamodzi. Mwana uja ankafuna apolisi. Manijala anali atagwira kale telefoni. Koma dona anakweza dzanja, ndipo anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba chifikireni pa hotelapo.

"Kunabwera anthu?" anafunsa.

"Ambiri, dona. Bwalo linadzaza."

"Anaimba?"

"Anaimba, dona. Ena analira."

Kenako ananena, osati kwa ine koma kwa mwana wake, kuti pa maliro a ku Joni panali anthu atatu okha, ndipo mmodzi anali dalaivala. Anatola duwa lija n'kuliika m'chikwama chake, n'kunyamula bokosi yekha. Anauza manijala kuti za apolisi asiye, n'kukwera masitepe osacheukanso.

Ine mtima unakhala pansi. Ndinaganiza kuti nkhani yatha bwino, ndipo ndinayamba kutolera nsapato zija. Manijala anadikira mpaka dona atazimiririka pamwamba, kenako anatambasula dzanja.

"Kiyi. Chisoti. Hamba."

Ndinayesa kutchula za kalata ya ku Luveve. Anandifunsa ngati ndikufuna alembemo kuti ndine wokhulupirika pa katundu wa alendo. Ndinamupatsa kiyi ndi chisoti n'kutuluka, ntchito n'kuthera pomwepo.

A Nkhoma atamva anati ndachita za umunthu ndipo bungwe silidzandiiwala (sanandiiwaledi: anandisankha kukhala wonyamula bokosi pa maliro aliwonse kwa zaka khumi). Ndinakhala miyezi ingapo ndikuyendayenda, kenako ndinapeza ntchito yokweza matumba ku njanji, kumene kalata ya nyumba sankaidziwa n'komwe. Chovuta koposa chinali kulembera Nachisale kuti amasule katundu. Ndinalemba masamba atatu, ndikufotokoza za nyimbo, za duwa, za anthu atatu a ku Joni, poganiza kuti andimvetsa. Yankho lake, limene anamulembera aphunzitsi a kwathu, linali lalifupi.

"Bambo a kunyumba, mwachita bwino kumulira mwamuna wa mnzanga. Koma mnzangayo wake ali naye m'manja, akupita naye kulikonse kumene afuna. Wanga ine sindidziwa kuti ndidzamuona liti."

Anadikiranso zaka zina zitatu. Atafika, tinayambira m'kachipinda kamodzi ku lokeshoni kogawana ndi banja lina, nsalu ili pakati, ndipo ku Luveve sitinakhaleko mpaka imfa yake. Nkhaniyi sanaitchulenso, kupatula kamodzi, titakalamba kale, pamene ndinamufunsa ngati anandikhululukira. Anati anandikhululukira kalekale, chifukwa ankadziwa kuti tsiku lija likanabwereranso ndikanakwezanso bokosilo pa njinga. Ndinafuna kutsutsa, koma ankanena zoona.