Tsiku Limene Kampango Anasowa mu Kompyuta

Mpaka lero ndikamva munthu akunena kuti "ndingokonzako pang'ono", ndimayamba kuyang'ana kumene kuli khomo.

Zinali zaka zomaliza za chipani chimodzi, ndili pa miyezi yoyesedwa ntchito ku ofesi ya pulojekiti ina ya mpunga ku Nkhotakota. Tinali ndi kompyuta imodzi, yofunditsidwa nsalu ngati mkwatibwi. M'kati mwake Che Saidi, amene ndinalowa m'malo mwawo, anasiyamo malamulo amene mapulogalamu ena onse ankawaitana potchula dzina. Vuto linali mayinawo. Bambowo anali mwana wa msodzi: lamulo losindikiza mndandanda wa alimi analitcha KAMPANGO, losanja midzi USIPA, lofufuta MCHENI. (Za mcheni ndinazimvetsa, paja amaluma. Enawo ayi.)

Ine ndi satifiketi yanga ya ku Blantyre, zinandinyansa. Lachisanu masana ndinasintha onse. KAMPANGO anakhala SINDIKIZA_ALIMI, USIPA anakhala SANJA_MIDZI. Sindinauze munthu, ndinkafuna adzazione okha nzeru zanga.

Anazionadi. Lolemba m'mawa lole ya mbewu yopita ku Liwaladzi ndi Dwambazi inaima pakhomo, kumwamba kutada kale. Popanda mndandanda, thumba silinkatuluka m'nkhokwe. Mayi Mwanaisha, otayipa makalata, anayatsa pulogalamu yawo ya masiku onse. Inaitana KAMPANGO, kompyuta n'kuyankha kuti sikumudziwa.

"Achimwene, kampango wapita kuti?"

"Ndamupatsa dzina labwino, mayi."

"Mwauza ndani?"

Ndinakonza pulogalamu yawoyo. Inaitana USIPA, n'kuimanso. Ndinakonza. Ya osunga nkhokwe nayo inakana, ndipo m'kabati munali madisiki ena odzaza bokosi, onse oitana nsomba. Dalaivala analiza hutala. Thukuta kamukamu, ndinachita manyazi osaneneka.

Abwana analowa. (Kalata yondikhazikitsa pa ntchito inali pa tebulo lawo, yosasainidwa.)

"Mvula iyi ikagwa, lole sidutsa kumidziko. Alimi afesa chiyani, mayina?"

Mayi Mwanaisha sanakweze mawu. "Kwathu mnyamata akatuluka ku jando ndi dzina latsopano timalengeza mudzi wonse, mpunga n'kuphika. Inu mwasintha mayina a ana a eni ake chamseri."

Ndinabwezera nsomba zonse, iliyonse ntchito yake kungolozera ku dzina langa latsopano lija. Mndandanda unatuluka dzuwa litapendeka. Lole inafika ku Liwaladzi, koma mvula inaitsekereza, ndipo a ku Dwambazi anadikira mbewu masiku anayi chifukwa cha ine. Miyezi yoyesedwa anandionjezera itatu.

Mayina anga omveka bwino aja palibe anawatchulapo, ngakhale kamodzi. Patapita chaka ndinalemba lamulo langalanga losunga zonse pa disiki ina, ndipo ndinalitcha MPASA, nsombanso ya m'nyanja yomweyo. Ndamva kuti amene anandilowa m'malo zinamunyansa kwambiri.