Mbale Yobooka ya kwa Mposa

Achemwali anga a Esinati ayambanso kundiyankhula, zimene ndikuthokoza Mulungu. Koma mpaka lero sandilola kukhudza khoma lililonse la m'nyumba mwathu, ngakhale kuchotsapo kangaude.

Ine ndimakonda zinthu zakale. Matendawa anandiyamba ndili Fomu 2, aphunzitsi athu a mbiri yakale atatiuza kuti supuni yakale imatha kunena zambiri za anthu kuposa buku. Anzanga anangolemba m'makope n'kuiwala. Ine ndinayamba kutolera. Pansi pa bedi langa, kwathu ku Balaka, pali makatoni. Muli simbi ya makala ya katambala pamwamba, nyali yopanda galasi, kampando kosema, ndi koloko imene inaima ine ndisanabadwe. (Mayi amati ndi dzala. Ine ndimati ndi chiyambi cha nyumba yosungiramo zinthu zakale imene ndidzatsegule ndikadzamaliza sukulu. Sitinagwirizanebe.)

Pa tchuthi cha Isitala ndinapita kumudzi kwa mayi, kwa Mposa ku Machinga. Mvula inali itakokolola zambiri chaka chimenecho. Ndikuyenda m'khwawa, kumunsi kwa nkhalango ina yowirira, ndinaona chinthu chikunyezimira mumchenga. Inali mbale yachitsulo, zija zoyera za maluwa ofiira m'mphepete zimene masiku ano sizionekanso. Pakati penipeni panali kabowo kozungulira bwino. Ndinadziuza kuti anthu akale anali anzeru, ankaboola mbale kuti azikoloweka pakhoma. (Inu amene munakulira kumudzi mwagwira kale pakamwa. Ine ndinakulira m'tauni. Sindinadzifunse n'komwe chifukwa chake nkhalango imeneyo inasiyidwa pakati pa minda yolimidwa mbali zonse.)

Ndinaitsuka, n'kuibisa m'chikwama kuopa kusekedwa, mpaka inalowa m'katoni.

Kenaka linafika tsiku lalikulu. Abale a Lameki, mnyamata wa ku Phalula amene ankafuna achemwali, amabwera kudzakamba za ukwati. Amalume athu anachokera kumudzi kudzawalandira. Mayi ali pa mapoto kuseri, anandiuza kuti ndikonze pabalaza. Ndinakolopa, ndinayala tinsalu toluka, koma khoma la pamwamba pa sofa linkaoneka lamaliseche. Ndinatenga mbale ija ndi msomali waukulu, ndinaulowetsa pakabowo, n'kukhoma ndi mwala. Inakongola, sindinama.

Alendo anabwera awiri: a Chikopa, amalume ake a Lameki, bambo a dazi lowala, ndi azakhali ake, mayi osaseka wamba. Anakhala pasofa, mbale ili pamwamba pa mitu yawo. Amalume athu anakhala moyang'anizana nawo. Atapemphera n'kupatsana moni, ine ndinalowa ndi thobwa n'kugwada pakhomo.

"Ife kuno tili okondwa kwambiri kuti..." anayamba amalume athu. Maso awo anakwera pakhoma. Mawu anathera pomwepo. Anatsokomola, anapukuta thukuta, n'kunena kuti akufuna kukataya madzi. Podutsa anandikoka dzanja mpaka kukhitchini.

"Chili pakhomacho wachitenga kuti?"

"Kumudzi, amalume. M'khwawa."

"Khwawa liti?"

"La kumunsi kwa nkhalango ija."

Mayi anakasuzumira pawindo, n'kubwerera atagwira mutu. "Mayo ine, mwana iwe! Nkhalango imene ija ndi manda! Munthu akamwalira amamuikira mbale yake pamtumbira, n'kuiboola kuti wina asadzadyeremo. Iwe wakaikhoma pabalaza?"

"Ndimayesa bowolo ndi la msomali."

"Alendowa akangoiona anena kuti m'nyumba muno timayenda kumanda usiku," amalume ananong'ona. "Ndani angapereke mwana wake kubanja la afiti? Ukwati wa achemwali ako uthera pomwepa."

Achemwali anali kuchipinda atavala chitenje chatsopano, osadziwa kanthu.

Amalume anayesa kaye nzeru yawo. Anabwerera n'kunena kuti m'nyumba mukutentha, bwanji tikakhale pansi pa mango. "Iyayi, muno muli bwinobwino," anayankha a Chikopa, n'kutsamira kwambiri. Mutu wawo unatsala pang'ono kugunda mbale. Kenaka ine ndinatumidwa kuti ndikapachikepo kalendala, koma kuseri kwa sofa kunalibe podutsa, ndipo azakhali aja anandifunsa ngati kwathu ana amazungulira akuluakulu akamayankhula. Ndinatuluka ndi kalendala yanga.

Mayi ndiwo anapeza njira. Analowa, anagwada, n'kunena kuti nkhani yaikulu ngati iyi ikufunika pemphero.

"Si tapemphera kale?" anafunsa azakhali.

"Lija linali la ulendo. Ili ndi la nkhaniyo. Titsinzine tonse."

Onse atatsinzina, ndinavula masilipasi n'kukwera pamkono wa sofa. Ndinagwira mbale n'kukoka. Sinasunthe. Mutu wa msomali unali waukulu kuposa bowo. (Ndikakhoma chinthu ndimakhoma ndi mtima wonse, limenelo ndiye vuto langa.) Ndinayamba kuigwedeza pang'onopang'ono. Timchenga ta khoma tinayamba kugwera padazi la a Chikopa. Iwo anakupiza dzanja, kuyesa ntchentche.

Mayi anapempherera achemwali ndi a Lameki. Anapempherera ana awo osabadwa. Anatsegula diso limodzi, anandiona ndikadali m'mwamba, n'kupitiriza. Anapempherera odwala m'zipatala, akaidi, madalaivala a minibasi a pamsewu wa Phalula, chimanga chili m'nkhokwe. Atafika pa nkhuku za chitopa mawu awo anayamba kunjenjemera, ndipo ndinadziwa kuti zopempherera zatha. Ndinaponda khoma ndi phazi limodzi n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse.

Msomali unazuka kamodzi. Ine ndinagwera chagada pamiyendo ya azakhali. Mbale inamenya simenti, ngwenjere! Inagubuduka, inazungulira tebulo, n'kukagona pa nsapato za a Chikopa.

"Ameni," anatero mayi ndi mawu aang'ono.

A Chikopa sanaigwire. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana amalume. "Mwini wake wa mbale iyi ali kuti?"

Ndinamva chitseko cha kuchipinda chikutseguka pang'ono, ndipo ndinadziwa kuti achemwali akumvetsera. Ndinagwada pakati pabalaza n'kufotokoza zonse, za aphunzitsi, za khwawa, za bowo la msomali. Ndinathamanga kukakoka makatoni anga kuti aone kuti sindikunama. Simbi inagwera pansi, koloko inalira koyamba m'moyo wanga.

"Mtsikana wamkulu chonchi, wa kusekondale, osadziwa manda?" anatero azakhali akudzisasa. "Kusukuluko amakuphunzitsani chiyani?"

"Mbiri yakale," ndinayankha. Sindikudziwa chimene ndinayankhira.

A Chikopa anaimirira. "Ife sitikunena kuti ndinu afiti. Komanso sitingakambe za ukwati munthu wina akusowa podyera kumene wagonako. Ibwerere kaye. Tikamva kuti yafika, tidzaona." Anatuluka thobwa osalimaliza. Mawu akuti "tidzaona" aja ndi amene analiza achemwali mpaka maso kutupa.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ndi amalume, mbale ili pamiyendo panga, yokulungidwa m'chitenje. Iwo anakhala pampando wakutali. Kumudzi anaitana adzukulu, anthu okumba manda, ndipo nkhani inafalikira msanga kuposa moto wa lupsa. Anthu atasonkhana, mayi wina wamasiye anatambasula chitenjecho n'kuizindikira.

"Iyi ndi ya amuna anga, ankadyeramo therere." Anandiyang'ana, ine ndikudikira kukalipiridwa. "Ukuti inali kuti?"

"Ku Balaka, mayi."

"Ku Balaka! Munthu amene ali moyo sanapitirirepo pa Liwonde?"

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ine ndinalira. Adzukulu anaibweza pamalo pake, ine ndinapepesa nditagwada kunja kwa nkhalango, ndipo amalume anaimbira foni ku Phalula pomwepo.

Alendo anachedwa kubwerera, moti m'nyumba mwathu tinkadya osayang'anana. Koma anabweradi, nkhani inakambidwa pansi pa mango, ndipo ukwati ulipo mwezi wa Okutobala. Ponyamuka, azakhali aja anandiitanira pambali n'kutulutsa m'chikwama kaketulo kakale kabuluu, kothothoka pamlomo.

"Tenga, uike m'dzala lakolo," anatero osaseka. "Mwini wake ndine, ndipo ndili moyo. Ukafuna china uzifunsa anthu opuma."

Ndinalandira ndi manja awiri. Phunziro ndalimva, ndipo m'khwawa sindidzatolanso kanthu. Kungoti pogwada kunja kwa nkhalango kuja ndinaona kamphika kena kamizeremizere katatsamira mtengo, kokongola kuposa chilichonse chimene ndili nacho. Sindinakakhudze. Koma ndikuvomera kuti ndinakayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene munthu wopepesa amayenera kuchitira.